Miyezi khumi pa malo ena a uphungu mu Lusaka: m'chipinda muli bwino, vuto lili pakhomo

Malo amene ndikufotokoza pano ali m'nyumba imene kale inali yogonamo banja, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, ulendo wa mphindi 15 wapansi kuchokera pamene maminibasi a mumsewu wa Great East amatsitsa anthu. Pageti palibe chikwangwani chonena za matenda a maganizo, pali kachitsulo kolembedwa nambala ya nyumba basi, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti eni ake anachitira dala, podziwa kuti mumzinda muno ngakhale dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo chimene chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1962, tinalisandutsa mawu otukwanira munthu amene watipsetsa mtima. Dzina la malowa sindilitchula chifukwa mng'ono wanga akupitabe kumeneko Lachiwiri lililonse, ndipo pagulu lawo alipo anthu 7 okha, moti sikungavute kuwazindikira. Ndine amene ndakhala ndikulipira ndi kumuperekeza, ndipo ndalowa nawo kanayi m'zokambirana za abale, choncho ndikulemba ngati munthu amene ndalama zinatuluka m'thumba mwake ndipo waona chimene zinagula.

Mng'ono wangayo ali ndi zaka 29. Amayi athu anamwalira mu 2003 iye ali ndi zaka 7, ine ndili kusukulu yogonera komweko ku Katete, ndipo maliro atatha abale anagawana katundu ndi ana tsiku limodzi. Iye anatengedwa ndi achibale ena a ku Matero, kumene anakhala zaka 9 akudzuka mbandakucha kukatunga madzi, akudya ena onse atatha, ndipo akalakwa ankamenyedwa ndi mthiko kapena kutsekeredwa panja usiku. Zimenezi ankatiuza nthawi ya tchuthi, koma yankho lathu linali lakuti mwana wamasiye ayenera kuthokoza pomwe wapeza denga. Atakula anakhala munthu amene pabanja timati ndi wa mtima wapachala: lero akukukonda mpaka kukugulira chitenje ndi ndalama zake zomaliza, mawa wakufufuta pa WhatsApp chifukwa unachedwa kumuyankha ndi maola awiri. Ntchito anasiya zinayi, chibwenzi chilichonse chinkatha ndi phokoso, ndipo kawiri tinamuthamangitsira kuchipatala usiku atadzivulaza. Ena pabanja ankati ndi ziwanda, ndipo anamutengera kuphiri kukasala kudya masiku atatu. Ena ankati ndi mwano wa ana a m'tauni. Pachipatala china, namwino amene ankamanga bala lake anauza mnzake, ife tikumva, kuti "awa ndi aja ongofuna kuti anthu awaone," ndipo mawu amenewo mng'ono wanga amawakumbukira kuposa balalo.

Chinthu choyamba chimene ndinayamikira pamalowa n'chakuti sanathamangire kutchula dzina la matenda. Mlangizi wake, mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu amene anaphunzira za maganizo a anthu, anakumana naye katatu, ola lathunthu ulendo uliwonse, kenako anamutumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo amene amabwera pamalopo kawiri pamwezi, ndipo awiriwo atagwirizana m'pamene anatiitana. Anatiuza kuti vutoli limatchedwa borderline personality disorder, mwachidule BPD, ndipo anatiwerengera zizindikiro 9 zimene madokotala amayang'ana, n'kunena kuti munthu ayenera kukhala ndi 5 mwa izo kwa nthawi yaitali. Zina mwa izo ndi mantha aakulu oti asiyidwa, ubale wosinthasintha pakati pa kukweza munthu kumwamba ndi kumugwetsa pansi, kusadziwa bwino kuti iye mwini ndi ndani, kudzimva wopanda kanthu mkati, mkwiyo wovuta kuugwira ndi kudzivulaza. Anatifotokozeranso chifukwa chake mapiritsi amene anapatsidwa kwina zaka zitatu zapitazo, pomuganizira bipolar, sanathandize kwenikweni: pa bipolar munthu amakhala m'mwamba kapena pansi kwa masiku ambiri ngakhale milungu, pamene pa BPD mtima umatembenuka m'maola ochepa, kawirikawiri chifukwa cha chinachake chimene chachitika pakati pa iye ndi munthu wina. Dokotalayo ananena poyera kuti palibe piritsi lopangidwira BPD, kuti mankhwala amathandiza pa zina zobwera nayo limodzi monga kuvutika maganizo ndi kusowa tulo, ndipo anachepetsa mankhwala ake pang'onopang'ono kuchoka pa mitundu itatu kufika pa umodzi. Malo amene amapeza ndalama mwa odwala koma n'kukuuza kuti uchepetse zogula ndi osowa, ndipo pamenepo ndinayamba kuwakhulupirira.

Dzina lenilenilo mlangiziyo sanabise kuti salikonda. Anati mawu akuti borderline anayamba ndi dokotala wina wa ku New York, Adolph Stern, mu 1938, amene ankaganiza kuti odwala otere ali pamalire a mitundu iwiri ya matenda a maganizo, ganizo limene madokotala analisiya kalekale ngakhale dzinalo linatsala n'kulowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980. Choipa kwambiri ndi liwu lakuti personality, chifukwa tikalimasulira m'chinenero chathu limamveka ngati tikunena kuti khalidwe la munthuyo ndi lowola, ndipo kwa ife khalidwe ndi nkhani ya ulemu, maleredwe ndi mbiri ya banja, osati ya chipatala. Iye anasankha kunena kuti "mtima wake umapsa msanga ndipo umachedwa kuzizira," mawu amene ngakhale amalume athu anawamva bwino.

Mbali imene malowa amaposa ena onse amene tinapitako ndi mmene amagwirira nkhani ya ubwana. Ndinkayembekezera chimodzi mwa ziwiri: kuti anena kuti zakale n'zakale, monga timanenera kunyumba, kapena kuti atiloze chala abale tonse ngati zigawenga. Sanachite chilichonse mwa izi. Pa kukumana kwachiwiri kwa abale tinabwera ndi amalume, mlongo wawo wa malemu amayi, amene ndiwo anavomereza mu 2003 kuti mwanayo apite ku Matero. Atangokhala pansi anayamba ndi kudziteteza.

"Amayi, ife tonse tinakwapulidwa pokula, ndipo palibe anapenga. Kuwongola mtengo m'poyamba. Kodi mwana ameneyu yekha ndiye wopangidwa ndi dzira?"

Mlangiziyo sanawatsutse. Anawafunsa kuti iwo akakwapulidwa ali mwana, usiku umenewo ankagona pati ndipo ankawapatsa nsima ndani. Amalume anati ankagona kwa agogo awo, amene ankawasungira ndiwo m'kambale. Iye anati, "Ndiye inu, bambo, munali ndi kothawira. Mwana uyu amene ankamumenya ndi yemweyo amene anayenera kumutonthoza, ndipo atabwera kudzanena anauzidwa kuti akunama." Amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo sanalankhulenso kwa nthawi yaitali. Pobwerera, tili pa siteji, anangoti, "Wamisala anaona nkhondo," ndipo sindinawafunse kuti akunena ndani.

Chimene mlangiziyo ankatiphunzitsa pamenepo ndi ganizo la Marsha Linehan, amene anali mphunzitsi pa University of Washington ku Seattle, lakuti vutoli limakula pamene zinthu ziwiri zakumana: mwana wobadwa ndi mtima womva zinthu mwamphamvu kuposa anzake, ndi nyumba imene imamuuza tsiku ndi tsiku kuti zimene akumvazo si zoona kapena n'zochititsa manyazi. Anatsindika kuti ambiri mwa odwala BPD anazunzidwa kapena kunyalanyazidwa ali ana, koma si onse, ndiponso kuti ambiri amene anazunzidwa sadwala BPD, choncho dzina la matendawa si umboni wa kukhoti woti makolo a munthu anali oipa. Mawu amenewa ndi ofunika kwa makolo amene angaope kubweretsa mwana wawo poganiza kuti akaimbidwa mlandu. Komabe sanalole kuti tichepetse zimene zinachitika ku Matero. Anatchula kafukufuku wa Vincent Felitti ndi Robert Anda, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998 ndipo anakhudza anthu oposa 17,000 a ku San Diego, wosonyeza kuti zowawa za ubwana zikachuluka, ngozi ya matenda a maganizo ndi a thupi omwe imakwera munthu akakula. Mwambi wathu woti ana amaiwala anaukana mwaulemu, ndipo anakumbutsa amalume kuti kuyambira 2022 lamulo la Children's Code Act limaletsa kulanga mwana pomumenya m'dziko muno.

Ndinafunsa ngati vuto la mng'ono wanga silingakhale complex PTSD, vuto la maganizo lobwera chifukwa chozunzidwa kwa nthawi yaitali, dzina limene ndinaliona pa intaneti, limene Judith Herman analipereka mu 1992 ndipo bungwe la World Health Organization linalilowetsa m'buku lake latsopano la matenda, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu January 2022. Anandiyankha mosapsa mtima kuti matenda awiriwa amafanana pambali zambiri ndipo munthu angathe kukhala ndi onse awiri, koma kwa iye mantha osiyidwa ndi kusinthasintha kwa mmene amadzionera ndizo zinali patsogolo. Anawonjezera kuti amamvetsa chifukwa chake abale amakonda dzina lachiwirili, popeza limaloza zimene munthu anachitiridwa pamene loyambalo limamveka ngati likuloza munthuyo. Chinanso chimene ndinayamikira n'chakuti sanamukakamize kufotokoza zonse za ku Matero pa miyezi yoyambirira. Anati bala lakale salitsegula munthu asanaphunzire kuletsa magazi, ndipo nkhani zimenezo anayamba kuzilowa mwezi wachisanu ndi chiwiri, kudzivulaza kutaleka.

Chithandizo chenichenicho n'chochokera ku njira ya Linehan yomweyo yotchedwa dialectical behaviour therapy, kapena DBT, imene buku lake linatuluka mu 1993. Mng'ono wanga amaonana ndi mlangizi payekha kamodzi pamlungu, ndipo Lachiwiri madzulo amakhala pagulu kwa maola awiri kuphunzira maluso a mitundu inayi: kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopa, kupirira nthawi yowawa popanda kuiwonjezera, kuwongolera mmene mtima ukumvera, ndi kupempha kapena kukana chinthu kwa munthu popanda kuswa ubale. Ali ndi kakhadi kamene amalembapo madzulo aliwonse, ndi manambala kuyambira 0 mpaka 5, kukula kwa mkwiyo, manyazi ndi chilakolako chodzivulaza tsiku limenelo. Kakhadiko kamakhala m'Baibulo lake, pa Masalimo, chifukwa ndi malo okhawo amene ana a m'nyumba mwanga safufuzamo. Luso limene ndaliona ndi maso anga ndi la madzi ozizira. Usiku wina chibwenzi chake chitasiya kuyankha foni, ndinamupeza kukhitchini atawerama pa beseni limene timatsukira mbale, nkhope ili m'madzi, akuwerenga chamumtima, kenako n'kudzuka madzi akuyenderera m'khosi mpaka pa bulauzi. Madzi ozizira pankhope amachititsa mtima kugunda pang'onopang'ono, ndipo mlangizi anayamba wafunsa ngati alibe matenda a mtima asanamuphunzitse zimenezi. Buku lawo limanena za madzi oundana a mufiriji, koma magetsi akamazima maola ambiri firiji imakhala kabati wamba, choncho gulu lawo linagwirizana zosunga madzi mumtsuko wadothi. Nzeru imeneyo inachokera kwa odwala, osati kwa alangizi.

Apa m'pamene madandaulo anga akuyambira. Mapepala onse a maphunzirowa ali m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha ku America chimene zitsanzo zake ndi za moyo umene si wathu. Mng'ono wanga anamaliza Giredi 12 ndipo amatha kutsatira, koma mayi wina wa pagulu lawo, wogulitsa salaula, analeka patatha milungu isanu chifukwa ankachita manyazi kufunsa tanthauzo la mawu. Pepala lophunzitsa kukana pempho la munthu silinena kanthu za mmene mkazi angakanire apongozi ake, kapena mmene wamng'ono angauzire amalume kuti alakwa popanda kutchedwa wamwano, pamene nkhondo zambiri za odwala athu zili pomwepo. Alangizi amamasulira pakamwa m'Chinyanja ndi m'Chibemba akakumbukira, koma kunyumba munthu amapita ndi pepala limene sangaliwerenge ndi mwamuna wake. Chowiringula chakuti njirazi sizimasuliridwa sindichivomereza, chifukwa mu Lusaka momwe muno ofufuza a ku Johns Hopkins University, motsogozedwa ndi Laura Murray, anaphunzitsa alangizi wamba a m'makomboni kuthandiza ana ozunzidwa ndi njira ina ya uphungu yotchedwa TF-CBT, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2015 zinasonyeza kuti anawo anapeza bwino kwambiri. Ngati zinatheka kumeneko, malo olipiritsa ngati awa akanatha kulemba munthu ntchito yomasulira masamba makumi angapo.

Dandaulo lalikulu ndi la pakhomo. Chipinda chodikirira ndi khonde lotsekedwa ndi magalasi, la mipando isanu ndi umodzi yoyang'anizana, ndipo wolandira alendo amaitana munthu ndi dzina lake lonse, nthawi zina n'kuwonjezera mokweza kuti "a gulu la DBT lowani uku." Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake pafoni kuti Lachiwiri ndi tsiku la "aja ovuta." Sindikuganiza kuti ndi munthu woipa mtima, ndikuganiza kuti palibe anamuphunzitsa, ndipo ndi zodabwitsa kuti malo amene m'chipinda chamkati amathera ola lathunthu akuchotsa manyazi mwa munthu amalola kuti manyaziwo amudikire pakhonde. Choipitsitsa chinachitika mwezi wachinayi, pamene mng'ono wanga anapempha kalata yopita kuntchito kwake yomulola kuweruka msanga Lachiwiri. Kalatayo inalembedwa ndi a mu ofesi, dokotala n'kungosaina, ndipo pansi pake panali nambala ya matenda, F60.3, pamodzi ndi dzina lake lonse la m'buku lakale la ICD-10, emotionally unstable personality disorder. Bwana wake anakalemba mawuwo pa Google, ndipo aliyense amene anayesapo kutero akudziwa zimene zimatuluka: nkhani zonena kuti anthu otere ndi abodza, onyenga, oyenera kuwathawa. Mlungu womwewo anamuchotsa pa kauntala ya ndalama n'kumuika kosungira katundu, popanda kumuuza chifukwa. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949 lija linkatchula odwala ndi mawu achipongwe, limaletsa kusala munthu chifukwa cha matenda a maganizo, koma kutsimikizira kuti n'chifukwa chake wasunthidwa ndi nkhani ina, ndipo iye analibe mphamvu zolimbana nazo. Nditakadandaula, mkulu wa malowa anapepesa mosazungulira, analemba kalata ina yongonena kuti amaonana ndi dokotala mlungu uliwonse, ndipo anatichotsera malipiro a milungu iwiri. Kupepesako ndinakulandira, koma kalata yoyamba inali itawerengedwa kale. Amene mukupita kumalo otere, werengani pepala lililonse musanatuluke nalo pageti, ndipo nenani nokha kuti dzina la matenda lisalembedwe pokhapokha mutavomera.

Za mtengo ndinene mwachidule. Timalipira K450 pa kuonana ndi mlangizi payekha ndi K200 pa gulu, kutanthauza K2,600 pamwezi wa milungu inayi, osawerengera dokotala, mankhwala ndi basi, ndipo pamalowa khadi la inshuwalansi salandira. Mukalephera kubwera osanena tsiku lathunthu lisanafike mumalipira theka. Lamulo limeneli ndinalida poyamba, koma ndinaona kuti linamuthandiza kupita ngakhale masiku amene anakwiyira mlangizi wake, ndipo masiku otero analipo ambiri. Pali ndalama imene amachotsera ophunzira ndi osagwira ntchito, koma sailengeza, muyenera kufunsa. DBT yathunthu imafuna kuti wodwala azitha kuimbira mlangizi foni zinthu zikavuta pakati pa mlungu, koma pano foni imayankhidwa mpaka 18 koloko basi, pamene mavuto a mng'ono wanga amabwera pakati pa usiku. Anatipatsa nambala zaulere za Lifeline Childline Zambia, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana, ndipo anatilembera dongosolo la chochita ndi chipatala chothamangirako, zimene zili bwino, komabe pa ndalama zimenezi ndinkayembekezera zoposa apa. Gulu linalepherekanso katatu m'miyezi khumi chifukwa mlangizi mmodzi anali kumaliro kapena kumsonkhano ndipo panalibe womulowa m'malo.

Funso limene abale amandifunsa ndi lakuti kodi wachira. Mlangizi anatiuza kuyambira pachiyambi kuti chikhulupiriro choti BPD sichira n'chakale, ndipo anatchula kafukufuku wa Mary Zanarini wa pa McLean Hospital ku Massachusetts, amene anatsatira odwala 290: patatha zaka 10, oposa 90 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri zizindikiro zitachepa mpaka kusakwananso pa dzina la matendawa, ngakhale kuti amene anafika pokhalanso ndi ntchito yokhazikika ndi ubale wabwino anali pafupifupi theka. Anatiuza manambala onse awiri, lokoma ndi lowawa lomwe, ndipo anawonjezera kuti Linehan mwiniwakeyo anaulula mu 2011 kuti ali mtsikana anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo kwa zaka zoposa ziwiri. Kwa ife, miyezi isanu ndi umodzi yapita osadzivulaza, ntchito ija akadali nayo ngakhale ali kosungira katundu, ndipo mkwiyo ulipobe koma sufikanso poswa mbale. Malowa ndingawalimbikitse kwa banja limene lingakwanitse kulipira kwa chaka chathunthu ndipo wodwala wake amawerenga Chingerezi. Kwa amene ndalama zingamuthere pakati, ndi bwino kuyamba wafunsa za kuchotseredwa kuja, chifukwa kusiya mlangizi mwadzidzidzi n'kowawa kwambiri kwa munthu amene mantha ake aakulu ndi kusiyidwa.

Mwezi watha ndinaiwala tsiku lake lobadwa mpaka madzulo, ndili pa mzere wa basi ku Kulima Tower. Chaka chatha zimenezi zikanatanthauza mauthenga makumi atatu ndi mwezi wathunthu osalankhulana. Nditayatsa foni ndinapeza uthenga umodzi wokha: "Asisi, mwaiwala ndipo zandiwawa, ndalemba 4 pakhadi. Mubwere ndi keke yaing'ono, ya shokoleti." Sitolo ya pafupi ndi siteji inali itatsala ndi ya vanila yokha, ndipo ndinagula yomweyo.